Kulondola mapazi a reel mu Johannesburg

Lolemba, Parktown

Johannesburg mu Julaye ndi wozizira ndiponso wouma gwa, ndipo amene amayamba kudandaula ndi vayolini. Mzindawu uli pamalo okwera mamita oposa 1,700, mpweya wake ulibe chinyontho, ndiye zikhomo zokungira nsambo zimafota pang'ono n'kuyamba kuterera m'mabowo. Vayolini imene inanyamuka ku Blantyre ili yochuna bwino yatuluka m'bokosi m'mawa uno nsambo ziwiri zili lende. Mankhwala ake ndi achikale: zulani chikhomo chimodzi, chipakeni choko pamene chimakhudzana ndi thabwa, mubwezere mukupotoza uku mukukankhira mkati, kenako mugwire china. Musamasule nsambo zonse zinayi pakamodzi. M'mimba mwa vayolini muli kamtengo koimirira kamene sikamatidwa ndi guluu, kamangogwira chifukwa nsambo zikupanikiza. Kakagwa, mwayamba kufunafuna mmisiri.

Tikulondola nyimbo yovinira ya ku Scotland yotchedwa reel, kumene inachokera ndi kumene inakathera. Tayambira pa Ridge Road, panyumba yakale yotchedwa The View, imene anamangitsa Thomas Cullinan, mwini mgodi umene munapezeka dayamondi wamkulu uja mu 1905. Nyumbayi inadzakhala ya gulu la asilikali la Transvaal Scottish, limene linakhazikitsidwa mu 1902 ndipo mu 2019 linasinthidwa dzina kukhala Solomon Mahlangu Regiment. Ngati pali khomo limene nyimbo za ku Scotland zinalowera mumzinda uno mwaphokoso, ndi limeneli.

Reel imayenda chonchi. Oimba amaigawa m'tizigawo timene amati bar, ndipo tizilemba choncho kuti musaganize za bala la pamwendo. Bar iliyonse phazi limagunda kawiri, ndipo pakugunda kulikonse pamalowa manotsi anayi ofanana kutalika, osatsimphina, ngati mvula ya padenga la malata. Nyimbo yonse ili ndi mbali ziwiri za ma bar 8. Mumaimba yoyamba kawiri, yachiwiri kawiri, akwana 32, n'kuyambiranso mpaka ovina atatopa. Phazi likamagunda ka 112 pa mphindi, kuzungulira kumodzi kumatenga masekondi 34. Nsambo zimachunidwa G, D, A, E, ndipo ma reel ambiri ali mu D, G kapena A chifukwa m'makiyi amenewa nsambo zosagwira ndi chala zimalira nawo, nyimbo n'kumveka patali.

Ophunzira amalakwa pawiri. Amakoka uta wonse ngati akuimba nyimbo ya maliro, pamene reel imafuna masentimita 5 mpaka 8 okha a uta, chapakati, ndipo chikugwira ntchito ndi pamfundo ya dzanja osati phewa. Kwina n'kuthamanga akafika mbali yachiwiri. Mbali imeneyi nthawi zambiri imakwera, mtima n'kukwera nawo, ovina n'kuyamba kupondana. Gundani chidendene kuyambira poyamba ndipo muzimvera chidendenecho, osati zala.

Dzina la guleyu linalembedwa kale mu 1591, m'kabuku kofotokoza mlandu wa anthu amene ankawaganizira ufiti ku North Berwick, ku Scotland. Akuti anavina reill usiku. Nkhani za afiti ovina usiku, mwaona, si za kwathu kokha. Koma reel ya pavayolini inakhwima m'zaka za m'ma 1700, nthawi ya Niel Gow, katswiri wa vayolini wa ku Scotland, amene anabadwa mu 1727 n'kumwalira mu 1807. Chitsanzo chabwino ndi Soldier's Joy, ya mu D, imene inali yodziwika kale pamene mlakatuli Robert Burns anaikapo mawu ake mu 1785. Inawoloka kupita ku maiko a Scandinavia, inafika kumapiri a Appalachia ku America, ndipo gulu la Skillet Lickers linaijambula mu 1929. Ma reel ena anakamera ku Ireland, ku Quebec, ku Cape Breton, mpaka pachilumba cha Tobago.

Chodabwitsa n'chakuti anthu a ku Scotland omwewo anafika ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876, koma kwathu anasiya nyimbo za m'tchalitchi ndi doh-re-mi wa makwaya. Reel sinamere. Amene anabwera kwathu anali abusa. Amene anabwera kuno anali asilikali, amalinyero ndi okumba migodi, anthu a madansi.

Lachiwiri, Newtown

Lero tayenda pang'ono. Workers' Museum ndi komboni ya mu 1913, kumene kunkagona amuna ogwira ntchito za mzinda. Mabedi ndi a simenti, osanjikizana, ndipo malo a munthu mmodzi ndi ongokwana kugona chagada. Taimirira m'chipinda chimodzi n'kudzifunsa kuti chida choimbira chimene chingakhale muno ndi chiti. Ng'oma yaikulu ayi. Chimene chimalowa pansi pa bulangete kapena kupachikika pamsomali: konsetina, chitoliro, kavayolini, gitala. Mbiri ya nyimbo za mzinda uno yambiri inagamulidwa ndi kuchepa kwa malo kumeneku.

Vayolini inafika ku South Africa kudzera ku Cape, kale Johannesburg asanaganiziridwe. Pamadansi a azungu a ku Cape oimba ambiri anali akapolo, ndipo nyumba zolemera zinkasunga magulu awoawo. Angerezi analanda Cape mu 1795 n'kulandanso mu 1806, ndipo pankhondo ya Blaauwberg ya chaka chimenecho panali magulu atatu a asilikali a kumapiri a Scotland. Ukapolo utatha mu 1834, anthu n'kumasukadi mu 1838, luso la vayolini linabalalika ndi eni ake kupita kumafamu ndi kumamishoni a kumtunda. Kenako dayamondi wa ku Kimberley m'ma 1870 ndi golide wa kuno mu 1886 zinakoka aliyense, zida zili kumsana.

Percival Kirby, yemwenso anali wa ku Scotland ndipo ankaphunzitsa nyimbo pa yunivesite ya Wits, mumzinda uno, kuyambira 1921, ndiye anatola zida zambiri za nthawi imeneyo n'kulemba buku lake mu 1934. Muli ramkie, kagitala ka nsambo zitatu kapena zinayi, ndi velviool, vayolini yokuta ndi chikopa. Zidazo musazifune ku Newtown. Zinasamukira ku University of Cape Town.

Lachitatu, Eldorado Park

Tsiku lolemera. Tinapeza agogo ena aamuna obadwira ku Northern Cape amene amaimba blikviool, kutanthauza vayolini ya chitini. Kuno munthu wamkulu wolankhula Afrikaans mumamutchula kuti Oom, monga timanenera kuti amalume.

Chida chawo ndi chigubu chamafuta chachitsulo, penti itasuluka, thabwa litadutsa mkati, nsambo zitatu. Sachiika pachibwano. Amachitsamiritsa pachifuwa, chapafupi ndi phewa, khosi lake litaloza pansi, kuti pakamwa pakhale pomasuka kuimba ndi kukuwira ovina. Uta ndi waufupi, wopindika ngati wosakira mbalame, ndipo kachibulumwa ka utomoni anakamata pambali pa chigubu kuti azingokhulapo nyimbo ili mkati. Kulira kwake n'kwa m'mphuno, kokanda, koma kumadutsa m'phokoso la mapazi bwino kuposa vayolini ya m'sitolo.

Gule wake amatchedwa riel. Ndi wa anthu a ku Namaqualand, Hantam, Karoo ndi mapiri a Cederberg, zidzukulu za Akhoi ndi Asan, ambiri a iwo antchito a m'mafamu ndi ometa nkhosa. Amavina mozungulira, pabwalo la fumbi, mapazi akusesa ndi kupala pansi mothamanga, thupi lakumtunda lili phee. Amatsanzira nthiwatiwa, nyani, tonde akutokosa mbuzi yaikazi, ndipo mwamuna amafunsira mkazi ndi chipewa, kuchiponya pansi n'kumachizungulira. Fumbi likapanda kubuka ndiye kuti gule sanayambe. Munthu wa kwathu amene anaonerapo Gule Wamkulu akupalasa fumbi pabwalo savutika kumvetsa zimenezi.

Apa ndi pamene wolondola dzina amasochera. Mawu akuti riel anachokera ku reel, zoona. Koma tinaimba reel ya ku Scotland pamaso pa agogowa, iwo n'kuimba yawo, ndipo si nyimbo imodzi. Yawo ilibe mbali ziwiri za ma bar 8. Ndi kachidutswa kafupi kongobwerezabwereza pamakodi atatu (kodi ndi manotsi angapo olira pamodzi), doh, fa ndi soh, kosinthidwa pang'ono ulendo uliwonse malinga ndi zimene wovina akuchita. Mu reel wovina amawerenga nyimbo kuti adziwe posinthira. Mu riel woimba ndiye amayang'ana mapazi. Agogowo anamvetsera reel yathu mpaka kumapeto, anagwedeza mutu mwaulemu, n'kunena kuti manotsi achuluka, wovina alibe popondera. Kuvina mozungulira moto n'kutsanzira nyama kunalipo kale zombo zisanafike. Chimene chinabwera ndi zombo ndi dzina, vayolini ndi makodi atatu aja.

Vastrap ndi m'bale wake wapafupi. Dzinalo likutanthauza kuponda mwamphamvu. Phazi limagunda kawiri pa bar monga mu reel, koma kulemera kuli pansi, ndipo gitala amadula kodi pakati pa kugunda kuwiriko. Azungu a m'mafamu anaitenga n'kuiika mu boeremusiek, nyimbo zawo zovinira, kumene konsetina inalanda mpando wa vayolini. Mu boeremusiek momwemo muli gule wotchedwa seties, kuchokera ku schottische, mawu a Chijeremani otanthauza za ku Scotland. Musakhulupirire: guleyo ndi wa pakati pa Ulaya, m'bale wa polka. Dzina lanamanso kachiwiri.

Riel inatsala pang'ono kuzimirira chifukwa ankaiyesa gule wa anthu osauka ndi oledzera. Mpikisano umene bungwe la ATKV, loona za chilankhulo ndi chikhalidwe cha Afrikaans, la likulu lake ku Randburg komwe kuno, linayambitsa mu 2006 unaidzutsa, ndipo mu 2015 gulu la achinyamata a ku Wupperthal linakapata mamendulo ku Los Angeles. Zabwino ndithu. Koma papulatifomu ya matabwa fumbi silibuka, ndipo kusesa kwa phazi kumasanduka kugogoda. Mukafuna kuiona, ionereni pansi.

Lachinayi, Mayfair

Mayfair ndi Fordsburg kuli Amalawi ambiri, makamaka abale athu a ku Mangochi ndi ku Machinga ogwira ntchito m'masitolo ndi m'nyumba zosokera. Kuseri kwa nyumba ina tabwereka macheka, nyundo ndi mpeni kwa achimwene ena akalipentala, ndipo tapanga blikviool yathu. Nazi zimene zinagwira ndi zimene zinakana.

Chigubu chikhale chachitsulo, cha malita 5, cha mafuta ophikira kapena a injini. Chitsukeni ndi madzi otentha ndi sopo, chiume. Chimene munali petulo kapena thinasi chisiyeni, chifukwa mpweya wotsalira umayaka mukamacheka. Thabwa likhale lolimba, lotalika masentimita 70, m'lifupi 4, kuchindikala 2.5. Boolani kumutu ndi kumatako kwa chigubu kuti thabwa lidutse n'kutulukira masentimita 2, pamene mudzakolekepo nsambo. Mbali ya thabwa yokhala mkati muiseme kuti pakati pa iyo ndi nkhope ya chigubu patsale mpata wa mamilimita 5. Thabwa likakhudza nkhope, chitsulo sichinjenjemera, ndipo mumamva ngati udzudzu uli m'botolo.

Kuchokera pamene nsambo zimachokera kumutu mpaka pa kathabwa kozitsamiritsa pakhale masentimita 33, monga vayolini yeniyeni. Muyeso umenewu uli ndi phindu. Nsambo ya gitala imakhala pafupifupi masentimita 65, ndiye mukaidula pakati n'kuikunga monga kale imalira noti yomweyo koma yapamwamba. Nsambo yoyamba ya gitala ikupatsani E wa vayolini. Yachiwiri ikupatsani B, muimasule pang'ono ifike pa A. Pa D tengani yachinayi, yokulunga ija. Yachitatu tinaiyesa, ili wedewede, uta ukungoigwetsa. Mukasowa nsambo za gitala, sombololani waya wa buleki ya njinga, koma ameneyu amadula zala ndipo amachita dzimbiri msanga.

Vuto lalikulu ndi ili. Vayolini ili ndi chiuno chopyapyala kuti uta uzipendekeka osagunda thupi. Chigubu chilibe chiuno. Tinaika kathabwa kotsamiritsa nsambo ka masentimita 3 monga ka vayolini, uta n'kumagunda m'mphepete mwa chitini tikafuna nsambo zakumbali. Tinasema kena ka masentimita 5, kokhota pamwamba ngati msana wa fulu, ndipo zinatheka. N'chifukwa chake agogo adzulo ali ndi nsambo zitatu osati zinayi: yachinayi imafuna kupendeketsa kumene chigubu sichilola. Mukakweza kathabwako, kwezaninso thabwa loponderapo zala, likhale lotsetsereka, kuti nsambo zisatalikire zala kupitirira mamilimita 4 kapena 5 kumapeto kwake.

Titakunga nsambo, nkhope ya chigubu inalowa mkati n'kulira pho. Chitsulo chopyapyala sichipirira. Tinamasula, n'kuika kamtengo konenepa ngati pensulo pakati pa nkhope ndi thabwa la mkati, kumbuyo pang'ono kwa phazi la kathabwa kaja, mbali ya nsambo yaing'ono. Mukakaika pansi penipeni pa phazi, mawu amafa. Mabowo otulukira mawu ndi a msomali wa mainchesi 4, asanu mbali iyi asanu mbali inayo, kutali ndi pakati.

Uta: kamtengo kosathyoka msanga ka masentimita 60, ndi ubweya wa kumchira wa hatchi ngati mwaupeza. Ife tinagwiritsa ntchito chingwe chopyapyala cha mbedza, tizingwe pafupifupi 100, titatikhula ndi sandipepala chifukwa nayiloni yosalala sigwira utomoni. Uta wopanda utomoni sulira n'komwe, ndipo ambiri amataya chida chabwino poganiza kuti chalakwika. Utomoni wa paini wongochotsa kumtengo ndi wonanda, umamata tizingwe pamodzi. Uphikeni m'kachitini pamoto wochepa, panja, chifukwa umayaka, mpaka dontho lake likazizira lizithyoka ngati galasi. Mukatha musagwirenso tizingweto ndi zala, mafuta a m'manja amasiya poterera.

Achimwene akalipentala aja ataona chidacho anati, "Akulu, kodi si kaligo ameneyu?" Funso labwino, yankho lake ayi. Kaligo wa kwathu ali ndi nsambo imodzi, kang'oma kakang'ono ka mtengo wogoba kapena chikho kokuta ndi chikopa cha ng'azi kapena cha mbuzi, ndi uta wa khonje. Alibe thabwa loponderapo. Zala zimangokhudza nsambo cham'mbali, ili m'malere. Abale ake ndi takare wa Alomwe a tsidya la malire, endingidi wa ku Uganda, orutu wa ku Kenya, masenqo wa ku Ethiopia ndi goje wa ku West Africa. Banja limeneli silinatuluke mu vayolini ya azungu, ndipo kwathu linalowera cha kum'mawa, m'njira za malonda a kunyanja yamchere. Tinayesa reel pa nsambo imodzi mwa kagwiridwe ka kaligo. Dzanja likakhala pamodzi mumapeza manotsi asanu, mwina asanu ndi imodzi, pamene Soldier's Joy imayambira pa doh wapansi n'kupitirira doh wapamwamba. Sikwana. Kaligo anapangidwira kutsata mawu a munthu woimba, ndipo pa ntchito imeneyo vayolini samupambana.

Palinso banja lachitatu limene mungakumane nalo mumzinda uno: segaba wa ku Botswana ndi mamokhorong wa abusa a ziweto a ku Lesotho, waya mmodzi, ndodo ndi chitini, ndi kauta kakang'ono. Nazonso ndi za chitini ndi uta, koma musaziphatikize ndi blikviool chifukwa cha chitinicho.

Lachisanu, Doornfontein

Lero kuli mafakitale, nyumba zosanja, sukulu ya University of Johannesburg ndi bwalo la Ellis Park chapafupi. M'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 kunali mayadi, tizipinda ta malata tothithikana kuseri kwa nyumba, ndipo yadi ina yotchedwa Rooiyard inalembedwa bwino ndi Ellen Hellmann, amene anaifufuza mu 1933 ndi 1934. Kumeneku kunabadwira marabi. Amayi ofulula mowa ankaitana woimba limba lopopa ndi mapazi, wina n'kumagwedeza chitini cha timiyala, ndipo dansi inkayamba Lachisanu mpaka Lamulungu.

Marabi ndi ma bar anayi ongozungulira: doh, fa, doh, soh, basi. Pamwamba pake mutha kuikapo chilichonse, nyimbo ya Chizulu, ya Chisotho, ya m'tchalitchi, ya m'galamafoni ya ku America. Amene anafufuza mbiri yake amatchula vastrap ndi tiekiedraai wa ku Cape pakati pa zimene zinalowamo, kudzera mwa oimba gitala ndi banjo ochokera ku Cape ndi ku Kimberley. Tiekiedraai agogo athu sangavutike kuimasulira. Tiki ndi kandalama kaja ka makobiri atatu, draai ndi kuzungulira: awiri kugwirana n'kumazungulira pamalo ongokwana tiki. Taona kukula kwa tizipinda ta m'mayadi pazithunzi, ndipo dzinalo silikokomeza.

Lamulo lothetsa mayadi la mu 1934 litagwira ntchito, anthu anasamutsidwira ku Orlando ndi kwina, makodi aja n'kupita nawo. Galamafoni inachitanso yake. Eric Gallo anayamba bizinesi yake ya mbale za galamafoni muno mu 1926, ndipo mbale ya nthawi imeneyo inkatenga pafupifupi mphindi 3 mbali imodzi. Reel ya masekondi 34 imazungulira kasanu n'kutha bwinobwino. Marabi, imene m'yadi inkatha usiku wonse osaima, inkangodulidwa pakati ngati nzimbe.

Loweruka, Roodepoort ndi Kwa Mai Mai

Ku Roodepoort tinapita chifukwa cha ulemu chabe. Kumeneko wofufuza nyimbo Hugh Tracey anakhazikitsa nkhokwe ya nyimbo yotchedwa International Library of African Music mu 1954, ndipo m'ma 1950 anayenda mu Nyasaland kujambula nyimbo za bangwe, malimba, kaligo ndi zina. Zonsezo zinasamukira ku Rhodes University, ku Makhanda, mu 1978. Wofuna kumva agogo a kwathu akuimba asawononge ndalama ya takisi yopita ku Roodepoort.

Masana Kwa Mai Mai, msika wakale wa kum'mawa kwa tauni, pansi pa msewu waukulu, kumene kuli asing'anga, osoka zikopa ndi nyama yootcha. Bambo wina anali ndi vayolini ya m'sitolo, itatsamira pamkono, akukhula nsambo ziwiri pakamodzi, kachidutswa ka ma bar awiri kakungozungulira pansi pa mawu ake. Chida ndi cha Niel Gow, nyimbo ndi ya ku KwaZulu-Natal, ya anthu a m'mahositelo. Kaimbidwe kameneka kanalowa m'masitudiyo nthawi ya nyimbo za m'makomboni zotchedwa mbaqanga, ndipo amene akufuna kumva pamene kanafika afunefune nyimbo za woimba vayolini Noise Khanyile. Kuti nsambo ziwiri zilire pamodzi osavutika, ena amaphwetsa pang'ono msana wa kathabwa kotsamiritsa nsambo. Mukaphwetsa kwambiri, uta umagwira zitatu ndipo simungaimbenso nsambo imodzi payokha.

Lamulungu, Rosettenville

Mapemphero atatha, Amalawi anasonkhana pakhonde lina: nsima, matemba obwera pabasi, gitala, ndi babatoni wopangidwa ndi bokosi ndi chingwe chimodzi. Madala ena amene anagwirapo ntchito m'migodi nthawi ya Wenela anali pomwepo, ndipo Johannesburg amamutchulabe kuti Joni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi a m'migodi ya kuno anali oposa 100,000. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha amuna 74 a kwathu, Kamuzu analetsa kulemba anthu, ndipo anayambiranso mu 1977, nthawi imene anthu amangoti ya Theba. Amuna onsewo pobwerera ankanyamula masutikesi, mabulangete, magalamafoni ndi mbale.

Chimene chinafika kwathu m'masutikesi amenewo si reel, si riel, koma kwela. Anyamata a m'makomboni a kuno ankatsanzira magulu oguba a asilikali a ku Scotland ndi zitoliro zachitsulo za mabowo 6, zotchipa. Kenako anaika zitolirozo pamakodi a marabi n'kuwonjeza kudumpha kwa swing ya ku America. Spokes Mashiyane anatchuka nazo m'ma 1950, ndipo mu 1958 nyimbo ya kwela yotchedwa Tom Hark, ya gulu lina, inafika pa nambala 2 pa nyimbo zotchuka ku Britain. Dzina lakuti kwela Mmalawi alimva yekha: kwera, mawu amene apolisi ankakuwa pokweza anthu m'galimoto. Wayilesi ya ku Lusaka, imene inkaulutsanso m'Chinyanja, ndi kawayilesi kotchipa konga sefuliya ka mu 1949, zinathandiza kuti nyimbo za kumwera zimveke m'midzi. Daniel ndi Donald Kachamba a kwa Singano ku Chileka anakhalako ku Salisbury, Harare wa lero, ali ana, anabwera nayo kwela kumudzi, ndipo wofufuza nyimbo Gerhard Kubik anawapeza akuimba mu Blantyre mu 1967. Kuno kwela itazilala, ku Chileka inapitirira.

Chitoliro cha kwela sachiika pamilomo mowongoka ngati mwana wa sukulu. Amachilowetsa mkamwa mopendekera cha kutsaya, milomo n'kuphimba pang'ono kazenera kotulukira mpweya. Mawu amanenepa, amatsika pang'ono, ndipo mutha kupinda noti. Mukaphimba kwambiri chimangoti fuu.

Tinayesa nyimbo zathu pakhondepo. Reel pa vayolini: anamvetsera, anawomba m'manja, palibe anadzuka. Kachidutswa ka riel pa blikviool: mayi wina anaseka n'kunena kuti chikulira ngati mbuzi yomangidwa, koma phazi lake linali litayamba kale kugunda. Wa gitala atalowa ndi doh, fa, doh, soh, n'kutalikitsa noti yoyamba ya awiri aliwonse kuti idumphe, babatoni n'kuyankha pansi, mipando inakankhidwira kukhoma. Madala a Wenela aja anaimirira ndi ndodo yawo n'kuuza wa gitala kuti, "Mwana wanga, usathamange, imeneyo timavina ndi jekete."

Mawa basi ya ku Park Station, kudzera Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza. Zida sizipita kunsi kwa basi pamodzi ndi katundu. Nsambo zamasulidwa pang'ono chabe, za blikviool kwambiri kuti nkhope isalowenso, ndipo kathabwa kake kamangidwa ndi ulusi kuti kasatayike. Utomoni wophika tokha wakulungidwa m'pepala n'kuikidwa m'kachitini, chifukwa kutentha kwa ku Tete kumaufewetsa n'kumata zovala. Zikhomo zimene tinapaka choko Lolemba zidzafufuma mvula ikadzayamba mu Novembala, ndipo zidzakana kupotoka. Pamenepo musakakamize ndi pulayala, mutu wa vayolini umang'aluka. Kankhirani chikhomo kunja ndi chala kuchokera mbali yopyapyala, pukutani choko, mupake sopo wouma pang'ono.